Mafunso ndi Mayankho: Nyumba yosamalira okalamba oiwalaiwala tiiyese ndi chiyani?

FUNSO

Alangizi, ndine mphunzitsi kuno ku Zomba ndipo ndimakhala ku Chinamwali ndi mayi anga a zaka 81, omwe madokotala anawapeza ndi matenda a dementia, aja oiwalaiwala. Mwezi watha anatuluka m'bandakucha atasenza kathumba ka ufa, akuti akupita kwawo ku Jali kukaphikira ana, ndipo tinakawapeza madzulo m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde anyamata atawazungulira, akuwanena kuti agwa m'ndege ya lichero. Achimwene anga a ku Johannesburg akuti azilipira kuti mayi akakhale kunyumba ina yosamalira okalamba. Ndinakaiona, ndipo ndi yopentedwa bwino, koma anandiuza kuti usiku amakhoma zipinda ndi loko ndiponso amapereka mankhwala ogonetsa kuti pakhale bata. Mtima wanga sukukhazikika. Kodi malo abwino ndingawadziwe bwanji?

Mwana wodandaula, Chinamwali

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zinachitikazo, ndipo musadzione ngati mwana wotaya kholo chifukwa choganizira zimenezi. Dementia ndi matenda a muubongo omwe, malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, ali ndi anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse, ambiri mwa iwo chifukwa cha nthenda ya Alzheimer. Anyamata ajawo ndi amene anapalamula, pakuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza okalamba. Tikakumbukira agogo anayi omwe anaphedwa ku Neno mu 2016 powaganizira kuti ndi afiti, mantha anuwa ndi omveka.

Zinthu ziwiri zomwe mwatchulazo, loko ndi mankhwala ogonetsa, ndi zokwanira kuti ine ndikuuzeni kuti musafulumire kusaina pepala lililonse. Kukhoma geti la kumpanda, pali mlonda ndiponso bwalo loti munthu aziyendamo momasuka, n'kwanzeru. Kukhomera nkhalamba m'chipinda usiku ndi nkhani ina. Ganizirani usiku wa mu Julayi kuno ku Zomba, magetsi atathima, wina wayatsa kandulo kapena walowetsa mbaula chifukwa cha chisanu, ndipo munthu amene ali ndi makiyi ali mtulo ku nyumba ina. Mayi anu, omwe sangakumbukire ngakhale kumene kuli chitseko, angatuluke bwanji moto utabuka? Utsi wa makala nawo umapha mwakachetechete m'chipinda chotseka. Malo amene amadalira loko kawirikawiri amakhala akubisa kuchepa kwa antchito, choncho funsani mosapita m'mbali kuti usiku pamakhala anthu angati amene ali maso, ndipo akuyang'anira okalamba angati.

Mankhwala nawo ndi oopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Mankhwala monga haloperidol ndi chlorpromazine ali ndi ntchito yake pa matenda ena a maganizo, koma kwa okalamba odwala dementia amachulukitsa kugwa, sitiroko ngakhale imfa, n'chifukwa chake amayenera kuperekedwa pokhapokha dokotala atalemba, pa mlingo wochepa ndi kwa nthawi yochepa. Nkhalamba ikayamba kusokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, nthawi zambiri pamakhala chifukwa china m'thupi, monga malungo, matenda a m'chikhodzodzo, ludzu, kudzimbidwa kapena dzino lowawa lomwe iyo ikulephera kulifotokoza. Wosamalira wodziwa ntchito amayamba wafufuza zimenezo. Musanaganize za malo alionse, pitani ndi mayi ku Zomba Central Hospital kapena ku Zomba Mental Hospital kuti akawaunikenso ndi kulemba m'buku lawo la kuchipatala mankhwala oyenera.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti mubwerereko osawadziwitsa, cha m'ma 5 koloko madzulo, chifukwa odwala ambiri amavutika kwambiri dzuwa likamalowa ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene khalidwe lenileni la malo limaonekera. Khalani pakhonde ola lathunthu. Gogo wina akanyamuka n'kumati akufuna kupita kwawo, onani ngati wosamalira akumukalipira ndi kumukankhira pampando, kapena akumugwira dzanja, kuyenda naye pabwalo, kumufunsa za kumudziko, kenaka n'kumupatsa nyemba kuti azisankha m'lichero mpaka mtima utatsika. Mvetserani ngati akuwaitana ndi mayina awo ndi mfunda wawo mwaulemu. Onani mmene akudyetsera amene sangathe kudya yekha: akhale tsonga, phala lipatsidwe pang'onopang'ono, popeza chakudya cholowera kumapapo chimabweretsa chibayo. Ngati pafupifupi onse ali kuwodzera dovu likutuluka dzuwa likanali, bata limenelo ndi la mankhwala.

Lowaninso kubafa ndi kuchimbudzi. Pakhale zogwirira, pansi pasaterere, ndipo njira yake iziwala usiku, chifukwa kuthyoka fupa la m'chiuno kumagoneka nkhalamba zambiri osadzukanso. Fungo la mkodzo lokhalitsa limasonyeza kuti matewera ndi zofunda sizisinthidwa msanga. Amene ali chigonere ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse kuti asachite zilonda kumsana, m'chiuno ndi ku zidendene.

Za mapepala musachite nazo manyazi. Apempheni akuonetseni zikalata zosonyeza kuti malowo ndi olembetsedwa, ndipo mukatsimikize ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lomwe malowo ali. Amene akutchedwa namwino akhale wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo pakhale buku lolembamo mankhwala, kugwa ndi kudwala kwa aliyense, komanso galimoto yothamangira kuchipatala usiku. Achimwene anu akudziwa zomwe zinachitika ku Gauteng, chigawo cha South Africa komwe kuli Johannesburg, mu 2016 pa nkhani ya zipatala za Life Esidimeni, pomwe odwala matenda a maganizo oposa 1,000 anasamutsidwira ku malo ambiri opanda ziphaso zoyenera, ndipo 144 anamwalira, ena ndi njala, ludzu ndi kuzizira, abale awo osadziwa kumene ali. Malo amene amaletsa abale kufika nthawi iliyonse muwakane.

Ngati malowo alephera pa mfundo zimenezi, ndalama za achimwene anuzo zikhoza kulipira munthu wokhulupirika woti azikhala ndi mayi masana pamene inu muli kusukulu. Mangani kabelu pachitseko cha panja, sokererani nambala ya foni yanu pa zitenje ndi majuzi awo, ndipo sabata inoyi kafotokozereni amfumu, a kutchalitchi ndi anyamata a kabaza a pasiteji za matenda awo, kuti akadzawaona ali okha pamsewu adzakuimbireni.