Amalume, timizere ta foni sitinena zonse

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Ulongué? Ndamva funso lanu lija, loti foni ikuonetsa timizere tonse koma chithunzi chomwe mukutumizira achemwali ku Johannesburg pa WhatsApp chikungozungulira osapita. Ndati ndiyankhe ndi mawu, kulemba kungatalike.

Timizere timeneto timangonena za mtunda umodzi, kuchokera pafoni yanu kukafika pa antena yapafupi, basi. Zakuseri kwa antenayo sitidziwa. Ndiye mutha kukhala ndi rede (netiweki) yodzaza, kaya ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, koma kutsogolo njira itatsekeka.

Komanso chithunzicho sichiyenda chathunthu ayi. Foni imachiduladula m'tizidutswa, amati mapaketi, kalikonse kokhala ndi nambala yake ndi adiresi ya komwe kakupita, yomwe amati IP. Zili ngati mmene mumatumizira mbatatesi ku Tete, matumba ambirimbiri, lililonse lolembedwa dzina la mwini, ena pagalimoto iyi ena pa ina, wolandirayo n'kuwerenga ngati akwana. Likasowa limodzi amati tumizaninso. Pamphambano iliyonse pamakhala makina otchedwa rauta, ntchito yake kuwerenga adiresi n'kukankhira kachidutswako kutsogolo.

Kuchoka pa antena tizidutswato timayenda mu waya wa fibra, uja amakwirira m'mbali mwa msewu, kapena kudumpha antena ndi antena, mpaka kulikulu la kampani. Eee, ndipo apa mumvetsetse, sitipita kwa achemwali mwachindunji. Timayamba tafika kumakompyuta akuluakulu a WhatsApp, ndiwo amapereka kwa iwo. Zotuluka kunja zambiri zimadutsa m'mawaya apansi pa nyanja. Ku Maputo kunafika wa SEACOM mu 2009, kenako EASSy mu 2010. Anthu amaganiza kuti zonse zimayenda mumlengalenga, chonsecho gawo lalikulu ndi waya.

Ndiye muziyang'ana pansi pa chithunzicho. Kawotchi ndiye kuti sichinachoke n'komwe mufoni mwanu. Kachongi kamodzi, chafika kwa WhatsApp, vuto lili kwa achemwali, mwina foni yawo yazima. Tiwiri, chafika.

Ine ndikukayikira zinthu ziwiri. Antena imodzi mumagawana anthu ambiri, tsiku la msika kapena madzulo aliyense akaonera mavidiyo imalemedwa. China, mamega a intaneti atha. Kuimba kumatheka chifukwa saldo, ndalama yoimbira ija, ilipo, koma intaneti ayi.

O, ndi ichinso, popeza mumapitapita ku Calómuè. Kumalireko foni imatha kugwira antena ya ku Malawi, Airtel kapena TNM, timizere n'kudzaza bwinobwino koma mamega anu a kuno ku Mozambique osagwira ntchito. Muziona dzina lomwe lalembedwa pamwamba pa foni.

Onani kaye mamegawo, muyeserenso mawa m'mamawa anthu asanadzuke, kenako mundiuze ngati pali kawotchi kapena kachongi. Mupereke moni kwa azakhali.