Nyimbo zokana kuthamanga: yankho kwa achemwali a ku Joni

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaperekera zakudya pa lesitilanti ina ku Johannesburg. Akuti kuntchito kwawoko dzuwa likangopendeka, abwana amaika nyimbo zinazake zapansipansi, zosachuluka mawu, momwe mumamveka lipenga, piyano ndi ng'oma yogunda mofatsa. Poyamba zinkawabowa, koma pano akaweruka zimangolirabe m'mutu mpaka mu takisi. Atafunsa anzawo, wina anati ndi jazz, wina house, wina lounge, pamene mlongo wawo akuti si nyimbo n'komwe koma phokoso la pakompyuta loti anthu a ndalama azidyera. Funso lawo ndi lakuti: zoona ndi ziti, nanga munthu ayambire pati kuzimvetsera?

Achemwali, anzanu atatuwo aliyense wagwira mwendo umodzi wa nyama yomweyo. Achimwene anuwo ndiwasunge kaye, ndiwabwerera, chifukwa nawonso sanaphonyeretu.

Ine ndikafuna kufotokozera munthu mwachidule ndimati ndi house imene yavula nsapato n'kukhala pansi. Mafupa ake ndi a nyimbo zovina, koma liwiro analitsitsa dala, kenako n'kuiveka zovala za jazz ndi mawu a soul. Maina ndi ambirimbiri: downtempo, chill-out, lounge, nu jazz. Musavutike nawo kwambiri, ogulitsa zimbale ndi amene ankawafuna kuti adziwe shelefu yoikapo katundu.

Yesani izi mawa muli pantchito. Nyimbo ikamalira, muzigunditsa chala pa thireyi motsatira ng'oma, muwerenge kwa masekondi 15, zimene mwapezazo muchulukitse ndi 4. House ya m'makalabu imagunda pafupifupi ka 120 mpaka 128 pa mphindi. Zimene abwana anu amaika nthawi ya chakudya chamadzulo mudzapeza kuti zambiri zili pakati pa 80 ndi 110. Kenako mvetserani ng'oma yaikulu ija. Ngati ikugunda mofanana, du du du du osaphonya, magazi a house ndi amene achuluka. Ngati ikudumphira, du-tsa, du-du-tsa, ndiye kuti yatengera kwa hip-hop, ndipo imeneyo ndi imene ambiri amaitcha downtempo yeniyeni.

Chimene chimandisangalatsa ndi chakuti nyimbozi zinabadwira m'malo aphokoso kwambiri. House inayambira ku Chicago, ndipo dzina lake ambiri amaligwirizanitsa ndi kalabu yotchedwa Warehouse, komwe Frankie Knuckles anayamba kuika nyimbo mu 1977. Komweko ku Chicago kunali Larry Heard, woimba ng'oma amene anayamba kupanga nyimbo ndi timakina kunyumba pa dzina lakuti Mr. Fingers. "Can You Feel It" yake ya 1986 inaonetsa kuti makina angathe kulira mwachifundo, osati kungokuwa. Imeneyo ndiyo mbewu ya deep house, mtundu wa house wofatsa ndi wogwira mtima.

House itafika ku Britain, achinyamata ankavina usiku wonse, ambiri atamwa mankhwala ozunguza bongo amene amatenthetsa thupi. Munthu sungavine maola asanu ndi limodzi osapuma. Mu 1989, pa kalabu ya Heaven ku London, usiku wa Lolemba umene Paul Oakenfold ankayendetsa pa dzina la Land of Oz, panali kachipinda kapadera komwe Alex Paterson ndi Jimmy Cauty ankaika nyimbo zozizira, zina zopanda ng'oma n'komwe, kuti ovina akapume ndi kuumitsa thukuta. Mawu akuti chill-out anatchuka kuchokera m'zipinda zoterezi. Chaka chotsatira, Cauty ndi Bill Drummond, pa dzina la The KLF, anatulutsa chimbale chotchedwa Chill Out, momwe mumamveka sitima ikudutsa ndi nkhosa zikulira. Inde, nkhosa. Musayambire pamenepo, mungandide.

Koma kumene zimene mumamvazo zinapezera nkhope yake ndi pachilumba cha Ibiza ku Spain. M'tauni ya Sant Antoni muli bala yotchedwa Café del Mar, yomwe inatsegulidwa mu 1980 m'mbali mwa nyanja, moyang'ana kumadzulo. José Padilla atayamba kuika nyimbo pamenepo mu 1991, ntchito yake sinali yovinitsa anthu. Iye ankaperekeza dzuwa. Ankasanja malekodi ake, a jazz, a gitala ya ku Spain, a m'mafilimu, a house yofatsa, mwakuti nyimbo yogwira mtima kwambiri izifika pamene dzuwa likukhudza madzi. Likamira, anthu ankawomba m'manja. Ankagulitsanso makaseti a zimene waika, ndipo mu 1994 kunatuluka chimbale choyamba cha Café del Mar, chimene chinatsegula mndandanda umene wafalikira dziko lonse. Padilla anamwalira mu 2020.

Amene anakhalapo pamchenga ku Cape Maclear dzuwa likulowa kuseri kwa chilumba cha Thumbi samafunanso kufotokozeredwa. Pali mphindi zochepa zimene ngakhale munthu wolongolola amangoti zii. Padilla ankaimbira mphindi zimenezo, ndipo n'chifukwa chake ndimati chamba chimenechi mwini wake ndi nthawi, osati dziko kapena mtundu wa anthu.

Tsopano za jazz. Kodi ndi jazz? Akatswiri a jazz angakukanireni, ndipo ine ndingawaikire kumbuyo pang'ono. Mu jazz yeniyeni oimba amacheza: wa ng'oma amayankha wa lipenga, wa besi amasintha njira akaona kuti mnzake wakhota. M'nyimbo zathuzi pansi pake ndi pokhazikika, kachidutswa kamodzi kamangobwerezedwa ndi makina, ndipo wa lipenga amayenda pamwamba pake ngati munthu woyenda pa mlatho. Mlathowo sumuyankha.

Zimene anabwereka ku jazz ndi kakomedwe. Choyamba ndi makodi. Nyimbo zambiri za kwaya ndi za pawailesi zimamangidwa ndi manotsi atatu omveka pamodzi, ndipo zikamatha mumamva kuti tafika pakhomo. Jazz imaonjezera lachinayi ndi lachisanu, ndiye khutu limamva ngati ulendo ukadalipo. Kulendewera kumeneko ndi kumene kumakuchititsani kuti muziyang'ana kunja kwa windo mutagwira mbale za makasitomala. Chachiwiri ndi piyano yamagetsi yotchedwa Fender Rhodes. Mkati mwake mulibe nsambo ngati piyano wamba, muli tizitsulo timene tinyundo timamenya, ndipo mawu ake amatuluka ngati belu lokutidwa ndi bulangeti. Mukangoizindikira kamodzi mudzayamba kuimva paliponse. Soul ndiye inapereka mawu a munthu, kawirikawiri chiganizo chimodzi chokha chodulidwa pa lekodi yakale, chimene amachitcha sample.

Chitsanzo chabwino koposa ndi Mfalansa wina, Ludovic Navarre, amene amadziwika kuti St Germain. Chimbale chake Tourist chinatuluka mu 2000 pansi pa Blue Note, kampani ya jazz yomwe inakhazikitsidwa mu 1939 ndipo inajambulapo anthu ngati Thelonious Monk ndi Art Blakey. Kuti kampani yotero ilandire munthu wa makina, sinali nkhani yaing'ono. Nyimbo yoyamba, "Rose Rouge", imayamba ndi chitsulo cha ng'oma chikungoti tsi-tsi-tsi mothamanga, kenako mawu a Marlena Shaw, otengedwa pomwe ankaimba "Woman of the Ghetto" pamaso pa anthu ku Montreux, akubwerezedwa mpaka asanduka ngati ng'oma nawonso. Lipenga la Pascal Ohsé likamalowa, mumakhala mutadikira kale mokwanira moti limakoma ngati madzi. Pa chimbale chomwecho pali Ernest Ranglin, mkulu wa gitala wa ku Jamaica. Ndikukayika ngati pali lesitilanti ya mtundu wa kwanuko imene sinaikepo chimbalechi.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera nacho. Zaka zapitazo ndinkathandiza mnzanga kuika nyimbo m'maukwati. Tsiku lina, perekaniperekani atatha ndipo anthu akulandira zakudya, ndinati lero ndiwaphunzitse anthuwa kudya mwaulemu. Ndinaika "So Flute" ya St Germain yemweyo. Chitoliro chinalira mphindi ziwiri, zitatu. Ndinangoona mayi wina wachikulire, chitenje cha yunifomu ya akuchikazi, mwendo wa nkhuku uli m'manja, akubwera molunjika pa tebulo langa. Anawerama n'kundifunsa mwaulemu wonse: "Achimwene, kodi nyimboyi iyamba nthawi yanji?" Ndinayankha kuti yayamba kale, amayi. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kunena kuti ngati makina afa ndinene, mwana wawo ali ndi flash m'galimoto. Mnzanga uja sanachedwe, anandikankhira pambali n'kuika ya kwathu, ndipo holo inadzuka. Olakwa sanali mayiwo. Pa ukwati anthu amabwera kudzaimba nawo, ndipo nyimbo imene ilibe poti n'kulandira ndi yachabe pamenepo.

Tibwerere kwa achimwene anu. Akamati ndi nyimbo zodyera anthu a ndalama, pali chimene akuona. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mahotela ndi mabala odula anazindikira kuti nyimbozi zimakhazika kasitomala pampando, ndipo wokhala pampando amaitanitsanso botolo lina. Buddha-Bar ya ku Paris, yomwe inatsegulidwa mu 1996, inayamba kutulutsa zimbale zake mu 1999, chaka chomwenso Hôtel Costes ya mumzinda womwewo inayamba zake ndi DJ Stéphane Pompougnac. Zoyambirirazo zinali zosankhidwa bwino. Koma zitagulidwa kwambiri, aliyense anayamba kuphika zake, chithunzi cha nyanja ndi mgwalangwa pachikuto, mkatimo nyimbo zopanda mchere. Lero pa YouTube pali zosakaniza za maola atatu zimene sizitchula n'komwe amene anaimba. Zoterozo ndi penti wa pakhoma, ndipo achimwene anu akazinyoza ine sindingawaletse.

Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa nkhani ya kompyuta. Makina sasankha okha. Munthu amene wamvetsera malekodi mazanamazana kuti apeze masekondi anayi oyenera wagwira ntchito ya khutu, ndipo khutu ndi chida choimbira. Muyeso wanga ndi wosavuta: ikani nyimboyo m'makutu ndi mahedifoni, mutseke maso, musachite china chilichonse. Yabwino imakhala ndi zinthu zimene simunazimve mu lesitilanti, kaya besi yasintha pang'ono pakati, kaya kuthetheka kwa lekodi yakale, kaya mpweya wa woimba chitoliro. Yachabe ikafika mphindi yachiwiri mumakhala mwaimva yonse.

Poyambira ndiye apa. Mukatha Tourist, pitani ku Vienna kwa Peter Kruder ndi Richard Dorfmeister, mumvere The K&D Sessions ya 1998. Anatenga nyimbo za anthu ena n'kuzikonzanso, kuzichedwetsa ndi kuzipatsa besi yolemera ngati ya dub ya ku Jamaica. Ndi ya usiku imeneyo, osati ya madzulo. Thievery Corporation, ya Rob Garza ndi Eric Hilton a ku Washington, inakulira pa bala yotchedwa Eighteenth Street Lounge, ndipo The Mirror Conspiracy yawo ya 2000 imasakaniza bossa nova ya ku Brazil, reggae ndi sitar ya ku India. Ena amati ndi yosalala mopitirira, ine ndimaikondabe. Ngati mtima wanu uli ku soul, funani Nightmares on Wax, amene ndi George Evelyn wa ku Leeds, makamaka Smokers Delight ya 1995. Ngati simungapirire popanda woimba, Simple Things ya Zero 7 ya 2001 ili ndi Sia asanatchuke dziko lonse. Moon Safari ya Air ya 1998 aliyense adzakuuzani, ndiye ine ndingoidutsa.

Komanso, achemwali, musayang'ane kutali kokha. Dziko limene mukukhalalo ndi limodzi mwa maiko amene deep house inazika mizu kwambiri. Kwaito inabadwa m'zaka za m'ma 1990 pamene ma DJ a ku Johannesburg anachedwetsa house ya kunja n'kuikamo zilankhulo za m'malokeshoni. Amapiano, amene amagunda pafupifupi ka 110 mpaka 115 pa mphindi, anatengera makodi awo ku jazz ndi deep house yomweyo, ndipo mbali yake yofatsa imene amaitcha private school, ya anthu ngati Kelvin Momo, ndi msuweni weniweni wa zimene abwana anu amaika. Chosiyana chachikulu ndi log drum, besi ija yogunda pachifuwa. Nayenso St Germain anatembenukira ku Africa: chimbale chake cha 2015 anachijambula ndi oimba a ku Mali, muli zoimbira zakumeneko monga kora, ngoni ndi balafon.

Lamlungu likubwerali achimwene anuwo akabwera kudzacheza, musawauze kanthu. Muike Kelvin Momo kaye, mutsatize "Rose Rouge", voliyumu ikhale yoti mukutha kumvana polankhula. Muziyang'ana phazi lawo pansi pa tebulo, kenako mudzandilembere zimene linachita.