Funsani Amisiri: Zitsulo za boti zikuchita dzimbiri

Funso: Zikomo amisiri. Ndine Mmalawi, ndimatsuka maboti ku Hout Bay, mu mzinda wa Cape Town. Zitsulo zogwirira za m'mbali mwa boti ndi za stainless steel, koma zikutuluka madontho ofiirira ngakhale ndimazikwecha ndi steel wool sabata iliyonse. Abwana akuti ndine waulesi. Kodi anawagulitsa zachinyengo?

Yankho: Achimwene, ulesi palibepo apa, koma steel wool ameneyo mutaye lero lomwe. Tizidutswa take timakanirira pachitsulo n'kuyamba kuchita dzimbiri, ndiye mukamakwecha mwamphamvu m'pamene mukudzala madontho ena.

Stainless steel ndi chitsulo chosakaniza ndi chromium, wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse. Chromium akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa kosaoneka ndi maso kotchinga dzimbiri, ndipo kakakandika kamabwerera kokha, bola mpweya uzifika. Mdani wake ndi mchere. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ya kumeneko ili ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Madzi akauma padzuwa mchere umatsalira n'kumaboola kachikopako. Pa nyanja yathu ya Malawi, chitsulo chomwecho chikhoza kutha zaka chikung'animabe. Kumagwa vuto lalikulu ndi m'malo obisika: kunsi kwa mutu wa bawuti, pomwe chingwe chimakhala chomangidwa osamasulidwa, ndi m'mbali mwa mowotcherera. Mmenemo mchere umaunjikana, mpweya osalowa.

Zachinyengo sindikukhulupirira, koma mtundu wa chitsulo ndiye muuone. Yang'anani pamitu ya mabawuti. Olembedwa A2 ndi a gulu la 304, loyenera kukhitchini. Apanyanja ndi A4, gulu la 316, lomwe lili ndi molybdenum, chitsulo cholithandiza kupirira mchere, magawo 2 mpaka 3 pa 100. Magineti musavutike nayo, sisiyanitsa awiriwa.

Pochotsa madonthowo, sungunulani ufa wa citric acid (asidi wopezeka m'mandimu) m'madzi ofunda, pakani ndi kansalu kapena siponji ya pulasitiki motsatira mizere ya chitsulocho, mudikire pang'ono, kenako tsukuluzani ndi madzi ambiri a pampopi. Pukutani, chiume pamphepo. Boti likangobwera kunyanja, lithireninso madzi a pampopi, chifukwa ngakhale 316 sapirira mchere wouma. Jik musamuyandikize n'komwe, ali ndi chlorine.

Koma mukaona timabowo tonga toboola ndi singano pa bawuti kapena pa ngowe yonyamula zolemera, kutsuka sikuthandizanso. Timabowo timeneti timakula mkati pamwamba pakuoneka bwinobwino. Aitaneni abwana adzaone okha, agule china.