Yankho kwa mayi a ku Kasungu: impso pambuyo pa sepsis

Mayi, mwafunsa ngati impso za amuna anu zachira, popeza atagonekedwa milungu ingapo ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) ya ku chipatala cha Kamuzu Central chifukwa cha sepsis (matenda oopsa amene amadza thupi likamalimbana ndi tizilombo mpaka kuwononga ziwalo zake zomwe), tsopano ali kunyumba ndipo akukodza bwinobwino. Kukodzako n'chizindikiro chabwino, koma sikutsimikizira kuti impso zabwerera mwakale.

Sepsis ikafika povuta, magazi sayenda mokwanira m'ziwalo ndipo impso zimavulala. Ambiri amachira, koma munthu amene impso zake zinavulalapo chotere amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a impso a mgonagona, BP yokwera, ndiponso kuvulalanso kwa impsozo akadwala matenda ena. N'chifukwa chake malangizo a 2012 a bungwe la KDIGO, loona za matenda a impso padziko lonse, amati wodwalayo ayezedwenso pakatha miyezi 3.

Pitani nawo kuchipatala cha boma ku Kasungu, mutenge buku lawo la kuchipatala, ndipo mupemphe kuti awayeze creatinine m'magazi (zonyansa zimene impso zimachotsa, ndipo zimachuluka impso zikafooka), mapuloteni mumkodzo ndi BP. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: creatinine imachokera m'minofu, choncho munthu amene waonda kwambiri chifukwa chogona nthawi yaitali angakhale ndi creatinine yotsika ngakhale impso zake zikugwira ntchito mofooka. Musalephere kuwauza adokotala kuti abambowo anataya thupi, kuti zotsatira zooneka zabwino zisawanamize, ndipo ayezedwenso mphamvu zikayamba kubwerera.

Akamva kuphwanya kwa thupi, zimene zimachitika kawirikawiri kwa miyezi ingapo pamodzi ndi kufooka ndi kuiwalaiwala, asagule brufen, diclofenac kapena indocid m'magolosale, chifukwa mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita ku impso. Panado wa mlingo woyenera ndi wabwinoko. Mankhwala azitsamba, ngakhale achibale awabweretse mwachikondi, ndikanakonda muwakane, poti palibe amene amadziwa mlingo wake. Ngati amamwa ma ARV asasiye, koma akadziwitse a kukiliniki, chifukwa tenofovir, mmodzi mwa mankhwalawa, amatha kuvutitsa impso.

Akatsegula m'mimba kapena kusanza, amwe Thanzi ndipo muthamangire nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Muchitenso chimodzimodzi mukaona miyendo kapena nkhope ikutupa, mkodzo ukuchepa kapena kuchita thovu, ndiponso akayamba befu. Zikafika pofunika dialysis (kusefa magazi ndi makina m'malo mwa impso), ndiye kuti ulendo ndi wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 100, kangapo pa sabata.