Mafunso anu pa maluwa a phlox kuno kuchigwa cha Shire

Sabata yathayi mafunso ambiri abwera okhudza maluwa aja otchedwa phlox, ndiye ndati ndiyankhe pamodzi. Loyamba lachokera kwa mayi ena a ku Nchalo, akuti anagula mbande zake ku Blantyre mu Okotobala zili ndi maluwa kale, atafika nazo kunyumba sizinathe masabata awiri zonse zinapserera, ndiye akufunsa kuti analakwitsa pati poti amathirira m'mawa ndi madzulo.

Mayi, kuthirira simunalakwitse ayi, vuto ndi mwezi umene munadzala. Phlox kwawo ndi ku North America ndipo ilipo mitundu yambiri, koma pano ndinena za iwiri. Wina ndi Phlox paniculata, wautali, umakhala zaka zambiri koma umafuna malo ozizira ngati ku Thyolo kapena ku Zomba kumtunda, uwu kuno musataye nawo ndalama, Okotobala ndi Novembala wathu uja kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Ngabu ndi ku Nsanje sungapirire. Wina ndi Phlox drummondii wa ku Texas, dzinalo ndi la Thomas Drummond amene anatumiza njere zake ku Britain mu 1835. Uwu ndi waufupi, sufika ndi m'bondo momwe, umamera, kuchita maluwa, kubereka njere nkufa nyengo imodzi basi. Umenewu ndiye wathu, koma muutenge ngati mpiru kapena kabichi wa kudimba, ndi mbewu ya nyengo yozizira. Fesani kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi mvula itasiya, Julaye ndi Ogasiti pakhomo panu pakhala pofiira, poyera ndi pa pinki, ikamafika Seputembala kutentha kwayamba muwaona akufooka, pamenepo musadandaule ndiye kuti nthawi yawo yatha.

Kafesedwe kake ndikufuna mumvetse bwino chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Njere za phlox zimamera bwino mumdima, ndiye musangomwaza pamwamba, kwirirani ndi kadothi kosefa pang'ono chabe, mamilimita atatu, kenako phimbani ndi udzu ngati mmene timachitira pa nazale ya tomato. Zimatenga masiku 10 mpaka masabata atatu, anthu ena likangokwana sabata amafukula kuti aone, chonde dekhani. Zikangotuluka chotsani udzuwo. Mizu yake siikonda kusokonezedwa, choncho ine ndimakonda kufesera m'machubu njere ziwiri ziwiri, kapena pabedi pomwepo nkudzapatulira kuti zitalikirane masentimita 20 mpaka 25, chikhatho chimodzi chotambasula. Mbande ikafika kutalika ngati chala tsinani kansonga ndi zikhadabo, poyamba zimamvetsa chisoni kudula kambewu kokongola koma pakatha masiku ochepa mudzaona timphukira tikutuluka m'mbali ndipo maluwa amachuluka.

Bambo wina wa kufupi ndi Ngabu akuti pakhomo pake ndi makande okhaokha, komanso madzi a pa mjigo wawo ndi amchere, kodi zingatheke? Makande tikuwadziwa tonse, kukagwa madzi amamata ngati phula, kukauma amang'ambika mpaka dzanja kulowa, ndipo phlox sifuna madzi odikha kumizu. Kwezani bedi bambo, musakanize dothilo ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa a ng'ombe owolerana bwino, osati aawisi, amaotcha. Kapena ingodzalani m'mabeseni akale ndi m'zigubu zoboola pansi, izi zili ndi ubwino woti masana dzuwa likakula mutha kukokera pansi pa mtengo wa nimu. Za madzi amchere ndiye ndisakunamizeni, maluwawa amavutika nawo, masamba amayamba kupsa m'mphepete ndipo pamwamba pa dothi pamaoneka zoyera. Ngati Shire kapena chitsime cha madzi abwino chili pafupi tungani kumeneko, mabeseni atatu safuna madzi ambiri. Ngati palibe, thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke pansi pa beseni kuti mchere uzitsika nawo, kusiyana ndi kumangodonthezera pang'onopang'ono.

Funso lina ndi la masamba oyera ngati wina wawazapo ufa. Amenewo ndi matenda a nkhungu, amakonda mbewu zothithikana zomwe mphepo sikudutsa. Thotholani masamba ogwidwawo mukataye kutali, patulirani, ndipo pothirira madzi azigwera pansi patsinde m'mawa osati kusambitsa mbewu yonse usiku. Koma yang'ananinso kunsi kwa tsamba, mukaona timadontho tachikasu ndi kaukonde ndiye ndi kangaude wofiira yemwe uja amatisautsa pa tomato, amachuluka kukayamba kutentha ndi fumbi, nchifukwa chake sindifuna bedi la maluwa ligundane ndi tomato. Feteleza musachulutse, mukaonjeza Urea mupeza masamba okhaokha maluwa ochepa, manyowa aja akwanira. Mbuzi ndi nkhuku izo mukudziwa kale, tchingani ndi bango.

Mtsikana wina wa ku Bangula wafunsa zosunga njere kuti chaka chamawa asagulenso, funso limeneli landisangalatsa kwambiri mwanawe. Maluwa akamafota muzithothola kuti ena azibwera, koma cha mu Ogasiti siyani mapesi angapo amphamvu abereke. Timakoko take ndi tating'ono tozungulira ndipo tikauma timaphulika tokha njere nkumwazika, ukachedwa tsiku limodzi umapeza mulibe kanthu. Ndiye tikangoyamba kusanduka tofiirira dulani kamutu konse muike mu envelopu kapena m'pepala la shuga, mupachike pamthunzi, tiphulikire momwemo. Zikauma ikani m'kabotolo kotseka bwino, lembanipo mwezi, musunge malo ozizirirako m'nyumba kutali ndi malata, mudzatulutse Epulo akubwerayu.