“Atha, mukagule ku famase”: yankho kwa achemwali a ku Limbe

Achemwali ena andilembera imelo kuchokera ku Limbe. Amayi awo ali kumudzi ku Nsanje, amamwa mankhwala a BP ndi a shuga, kuchipatala akumauzidwa kuti atha, ndipo ku famase mtengo ukumakwera ulendo uliwonse. Akufunsa kuti amaika mitengo imeneyi ndani, komanso ngati boma lathu silingalamule mtengo wotsika wa okalamba monga anamvera kuti anachitira a ku America.

Achemwali, mwandigunda pachilonda, ndiye mupirire nane, ndiyamba ndazungulira.

Amayi anga ndi mng'ono wawo, mayi athu aang'ono, amakhala mpanda umodzi kutsidya kwa Shire, ku East Bank. Onse amuna awo anamwalira, onse amalima mapira ndi chitowe pang'ono, madzi akaphwera n'kutsikira kudimba kukabzala mbatata ndi nyemba. Mayi aang'ono ali pa ma ARV kuyambira kalekale, sabisa, ndipo anandilola kuti ndizinena. Amayi ali ndi BP. Masiku awo akagwirizana amanyamukira limodzi pa kabaza mbandakucha, dzuwa lisanayambe ukali wake, kupita chipatala chimodzimodzi. Pobwerako wina amakhala atakulunga pachitenje mabotolo a miyezi 6. Mnzakeyo amabwera ndi kabuku kokha, adokotala atalembamo dzina la mankhwala, n'kumuuza kuti akagule.

Kwa nthawi yaitali amayi sankanena. Ukaimba foni kufunsa za kuchipatala, yankho linali lakuti, “Ndinapitako mwanawe, anandiyeza.” Kupitako anapitadi, kuyezedwa anayezedwadi. Chimene ankasiya n'chakuti famase ili kutali, kabaza yekha amadya ndalama ya ndiwo za sabata, ndipo munthu amene analera ana ndi ndalama ya thonje safuna kumveka ngati wopemphetsa kwa ana ake omwe. Ndiye anapeza nzeru zawozawo. Mapilitsi amene tawatumizira ankawathyola pakati kuti a mwezi umodzi akwane iwiri. Kenako anayamba kumwa tsiku lokhalo limene mutu wawawa. Ena ankagawirako mnzawo wa kumpingo poti “nayenso mtima umamuthamanga”. Ndipo simungawakalipire, chifukwa BP sipweteka. Munthu amalima, amasenza ndowa, amavina pa chikwati, magazi akuthamanga moti namwino atayeza angagwire pakamwa.

M'mawa wina khasu linangowapulumuka m'manja, pakamwa n'kupotoka. Munali mu 2023, patangopita masabata ochepa namondwe wa Freddy atadutsa, msewu wa kutsidya uli zidutswazidutswa. Kuti tifike nawo pa Thabwa n'kukwera mapiri mpaka ku Gulupu, khola la mbuzi linatsala pang'ono kutha. Anachira, tithokoze Mulungu, koma dzanja lamanja silinabwerere mwakale, ndipo pano amapalira chokhala. Ndalama imene banja linataya pa ulendo umenewo ikanawagulira mapilitsi a zaka zambiri. Imene boma linataya powagoneka pabedi, kuwajambula ndi kuwayang'anira, ikanagulira agogo a mudzi wonse.

Tsono mtengo amaika ndani? Ku famase amaika mwini famase. Iye amagula kwa ogulitsa mopikulitsa a ku Blantyre kapena Lilongwe, amene amaitanitsa kunja, makamaka ku India, ndipo kumeneko salandira kwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo umenewo unali mtengo wa kubanki, kumene madolawo sapezekanso mwachisawawa. Wamalonda amene wadikira miyezi kapena wagula dola kumbali amaika zonsezo pa paketi. Onjezerani mafuta otsitsira katundu kuchigwa, lendi, ndi firiji imene imafuna jenereta magetsi akazima. Onjezeraninso kuti pakati pa Dyeratu ndi Marka malo ovomerezeka ogulitsa mankhwala ndi owerengeka, ambiri ali m'mbali mwa M1 pa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi ku boma, ndiye wogula alibe kothawira. Bungwe la PMRA, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board kutsatira lamulo la 2019, limapereka ziphaso n'kuona ngati mankhwala ndi enieni. La CFTC limamva madandaulo a ogula amene akuona kuti akuberedwa. Koma mapilitsi amodzimodzi mukawafunsa m'mafamase awiri mumva mitengo iwiri, ndipo palibe pamene panapachikidwa mtengo woti mufanizire.

Sindikunena kuti eni mafamase onse ndi angelo. Alipo amene akamva kuti kuchipatala cha boma kwatha, tsiku lomwelo amasintha kapepala ka mtengo. Koma ndikamaganiza bwino, mtengo weniweni wa mapilitsi a amayi anu suikidwa ku famase. Umaikidwa tsiku limene shelefu ya chipatala cha boma yakhala yopanda kanthu. Mankhwala amenewa amayenera kukhala aulere. Zipatala za boma zimatenga ku Central Medical Stores Trust, imene nayonso imafuna madola, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikudandaula kuti boma ndi zipatala zili nayo ngongole. Ndalama ikachepa, ofesi ya zaumoyo ya boma imasankha choyamba kugula, ndipo ndani angatsutse kuti mwana wa chibayo ndi mayi wapakati akhale patsogolo? Gogo wa BP safa lero. Amafa chaka chamawa, kunyumba, anthu n'kumati kunali kukalamba, kapena n'kuyamba kulozana zala za ufiti.

Apa m'pamene ndimapsa mtima, ndipo sindibisa. Mayi aang'ono sasowa mankhwala osati chifukwa ma ARV ndi otsika mtengo kuposa HCT, mapilitsi a BP. Ayi ndithu. N'chifukwa chakuti matenda awo ali ndi eni ake. Kuyambira 2004 ma ARV ndi aulere m'dziko muno, ndalama zake zambiri zimachokera kunja, ku Global Fund ndi ku PEPFAR ya boma la America, amabwera pa njira yawoyawo, amawerengedwa botolo ndi botolo, ndipo munthu akadumpha tsiku lake amamulondola mpaka kumudzi. Anthu a kachilombo anadzisonkhanitsa, anapanga magulu, anafuula mpaka dziko lonse lapansi linamva. Okalamba a BP ndi shuga anafuulapo liti? Amangobwerera, kabuku m'manja, n'kuthokoza adokotala. Chonsecho kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi muno mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Si matenda a mabwana a ku Nyambadwe monga tinkanenera kale. Ali pa Tengani, ali ku Makhanga, ali ku Chapananga.

Ndiye wina asandiuze kuti sizingatheke. Ku Neno, kumtunda kwa Shire yemweyu, boma pamodzi ndi a Partners In Health, amene kumeneko amadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, anaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya matenda ngati BP, shuga, mphumu ndi khunyu, kuti onse azionedwa malo amodzi, kulembedwa ndi kulondoledwa chimodzimodzi. Njira ilipo, yaoneka ndi maso. Chosowa ndi chifuniro ndi ndalama. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo bajeti zathu zambiri sizifikapo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe a anthu achikulire, ndi ena atalimenyera nkhondo kwa zaka. Ndinasangalala nalo. Koma lamulo limene silifika pawindo lolandirira mankhwala, kwa amayi anga ndi pepala chabe. Ndipo aphungu a kuchigwa, amene nthawi ya kampeni amadziwa khomo la gogo aliyense, ndikufuna ndiwamve m'Nyumba muja akufunsa za amlodipine wa BP ndi metformin wa shuga potchula maina, osati za mabokosi a maliro okha.

Ndipatukeko pang'ono. Mu January 2025, boma la Donald Trump litaimitsa thandizo lambiri la America, mayi aang'ono anayamba kuwerenga mabotolo awo usiku. Aka kanali koyamba kuwaona akuopa zimene mkulu wawo wakhala akuziona zaka zonsezi. Ndiye ngakhale njira imene ndikuisirirayo yaima pa ndalama za eni, ndipo eni akatembenuka tonse tidzakhala pamzere umodzi wa “atha”.

Kwina kumene kusowaku kumakankhira okalamba athu ndi kumsika. Pitani pa tsiku la msika muone mapilitsi atayalidwa padzuwa la October, pafupi ndi sopo ndi mabatire, ena mwa iwo ooneka kuti anatuluka pakhomo la kuseri la chipatala cha boma. Wogulitsa ndiye dokotala, ndiye namwino. Agogo a nyamakazi amagula indosidi ndi bufeni n'kumamwa tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti mankhwala amenewa amakweza BP, amawononga impso ndi kukanda m'mimba. Kulinso aja a zigubu za zitsamba m'maminibasi, amene botolo limodzi amati limachiza shuga, BP ndi kusabereka. Pamwamba pa zonsezi, madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi amchere kale, ndiwo yathu ndi nsomba youma yothira mchere, ndiye namwino akamati “muchepetse mchere” gogo amangomuyang'ana.

Za ku America zija

Munamva zoona. Mu August 2022 Joe Biden anasaina lamulo lotchedwa Inflation Reduction Act. Anthu a pa Medicare, inshuwalansi ya boma ya a zaka 65 kupita m'tsogolo, salipira kuposa madola 35 pamwezi pa insulini, ndipo boma linapatsidwa mphamvu yokambirana mitengo ndi makampani, kuyambira ndi mankhwala 10 amene mitengo yake yatsopano inaikidwa kuti iyambe mu 2026. Koma nkhondo yawo ndi ina. Iwo akulimbana ndi mankhwala atsopano amene kampani imodzi yokha ili ndi chilolezo chopanga. Athuwa ndi akalekale. HCT ndi metformin anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950, aliyense angapange, ndipo pogula ambiri nthawi imodzi pilitsi limodzi ndi la ndalama yochepa zedi.

Oyandikana nafe pa nkhaniyi ndi a ku South Africa, kumene kuyambira 2004 kampani imalengeza mtengo umodzi wa mankhwala ake ndipo boma limaika malire a zimene famase ingawonjezere, komanso a ku India, kumene mtengo wokwera kwambiri wololedwa umasindikizidwa papaketi. Zoterezi ndingazifune kuno, makamaka zolengeza mitengo poyera. Koma kulamula mtengo popanda madola tikudziwa kumene kumathera. Mtengo wa petulo amaika ndi a MERA, koma akasowa timakamugula m'zigubu kuseri kwa golosale pa mtengo umene wanena mwini chigubu. Ndipo kwa gogo wa ku Makhanga, amene famase sanaionepo, mtengo wotsika wa ku Limbe sumuthandiza kanthu. Chimene chingamuthandize ndi mapilitsi kupezeka pa chipatala chake chaching'ono, n'kumapatsidwa a miyezi itatu nthawi imodzi kuti asamalipire kabaza mwezi uliwonse.

Tsono inu mutani?

Musawafunse amayi ngati anapita kuchipatala. Afunseni mapilitsi atsala angati, ndipo wina wa pakhomo ajambule kabuku ndi paketi akutumizireni pa WhatsApp. Adokotala alembe dzina lenileni la mankhwala ndi mlingo wake, osati dzina la kampani, kuti ku famase muzifunsa otsika mtengo a mtundu womwewo. Akati atha, amayi afunse ngati pali ena amene alipo oti angalowe m'malo, koma wosintha akhale dokotala, osati inu kapena wa pamsika. Poti muli ku Limbe, fanizani mafamase angapo ovomerezeka, mugule a miyezi itatu, mutumize mvula isanayambe, pasanafike December. Funsaninso ku zipatala za mishoni ngati Montfort pa Nchalo, Kalemba pa Bangula kapena Trinity ku Muona. N'zolipira, koma ndi bwino kudziwa mtengo wawo. Abale musonkhe pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lodziwika, ndalamayo isadutse m'manja mwa amayi, chifukwa idzathera fizi ya mdzukulu. Asathyole, asadumphe, asagawire mnzawo. Mapilitsi asakhale pafupi ndi malata, ndipo ngati afika pa insulini kopanda firiji, a kuchipatala awaonetse kasungidwe ka mumtsuko wa madzi ozizira. Akabwezedwa chimanjamanja, kanenani kwa Hospital Ombudsman wa chipatalacho ndi ku komiti ya chipatala ya m'deralo, imene imayenera kuchitira umboni mankhwala akamafika, ndipo muwauze alembe tsiku ndi dzina la mankhwala amene anasowawo.