Funsani Dokotala: Chotupa chinachepa, bwanji chayambanso kukula?

Funso: Adokotala, bambo anga ali ndi khansa ya m'mapapo ya mtundu wa small cell. Atalandira chemo (mankhwala opha maselo a khansa) chotupa chinachepa kwambiri, koma patangotha miyezi inayi chayambanso kukula. Achibale ena akuti mankhwalawo anali achinyengo, ena akuti n'za anthu. Chachitika n'chiyani? Ndine mwana wawo, ku Mufakose.

Yankho: Pepani ndi matendawa. Mankhwala achinyengo sakanachepetsa chotupa, ndipo palibe amene wawalodza bambo. Khansa ya small cell imatero ndithu: imamva mankhwala msanga, koma kawirikawiri imabwerera.

Mankhwala a chemo ngati cisplatin ndi etoposide amawononga DNA (malangizo oyendetsera selo) ya selo la khansa, koma amene amamaliza ntchito ndi selo lenilenilo. Selo lililonse lili ndi dongosolo lodzipha likawonongeka kwambiri. Puloteni ya p53 ndiyo imaona kuwonongekako n'kulamula kuti selo life, kenako mapuloteni a BAX ndi BAK amaboola timatumba topanga mphamvu ta m'selomo. Mapuloteni ena, monga BCL-2, BCL-xL ndi MCL-1, ntchito yawo ndi kuletsa imfayo.

Tsono pafupifupi khansa zonse za small cell zili ndi p53 yowonongeka kale, ndipo zambiri zimapanga BCL-2 wochuluka. Chemo yoyamba imapha maselo omwe akadali ndi njira yofera. Ochepa otsalawo ndi aja okakamira, ndipo ndiwo amaswana, ngati udzu wosamva mankhwala umene umadzaza munda anzake atauma. Palinso zifukwa zina, monga maselo okonza msanga DNA yawo kapena otaya mankhwala kunja.

Mwina mwawerenga pa intaneti za venetoclax, yomwe imatseka BCL-2. Inavomerezedwa mu 2016 pa khansa ina ya m'magazi. Pa khansa ya m'mapapo sinavomerezedwe, choncho musagulitse katundu kuti muyitanitse kunja.

Mukapitanso kwa dokotala wa khansa, munene bwino tsiku limene bambo analandira chemo yomaliza. Kutalika kwa nthawiyo ndiko kumamuthandiza kusankha kubwereza mankhwala omwewo kapena kusintha, mwina n'kupereka mankhwala ena a chemo otchedwa topotecan. Mufunsenso za radiotherapy (chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza) ngati bambo akumva ululu m'mafupa kapena akutsokomola magazi. A Island Hospice, omwe akhala akugwira ntchito muno mu Harare kuyambira 1979, amathandiza pa ululu ndi kubanika, ndipo mungawapeze ngakhale chemo ikupitirira.